Kupatsa N'kuika: Mbiri ya Banki ya Chakudya ya ku Phoenix

Tonsefe timadziwa kuti banki ndi nyumba yosungitsako ndalama. Amene ali nazo zambiri amakaikiza kumeneko, ndipo amene zamuthera amapitako kukakongola. Koma nkhani yathu ya lero ikukamba za banki ya mtundu wina, imene m'kati mwake simupezeka ndalama koma ufa, nyemba, mpunga, mkaka, zipatso ndi buledi. M'banki imeneyi woikiza sayembekezera chiwongoladzanja, ndipo wotapa sauzidwa tsiku lobweza. Banki yoyamba yotere idatsegulidwa m'chaka cha 1967 mu mzinda wa Phoenix, m'chigawo cha Arizona, m'dziko la Amereka. Dzina lake ndi St. Mary's Food Bank, ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero lino. Tiyeni tsono tione m'mene idayambira, anthu amene adaichirikiza, ndiponso funso lovuta limene mbiri yake yatisiyira.

Mwina wina angafunse kuti, kodi m'dziko la mwanaalirenji ngati Amereka njala ingalowere pati? Ife kuno tikamva mawu akuti njala, maganizo athu amathamangira ku chilala, dzombe kapena madzi osefukira, ndipo timaona nkhokwe zopanda kanthu. Njala ya m'mizinda ya ku Amereka ndi yosiyana ndi imeneyo. Kumeneko masitolo amakhala odzaza ndi chakudya chaka chonse, koma munthu wa m'tauni alibe munda ngakhale dimba. Munda wake ndi malipiro a ku ntchito. Ntchitoyo ikatha, kapena matenda akalowa m'nyumba, kapenanso lendi ikameza ndalama zonse, banja limagona ndi njala sitolo yodzaza ili pafupi pomwepo.

Akuluakulu a dzikolo ankalidziwa vutoli. M'chaka cha 1964, Pulezidenti Lyndon Johnson adalengeza kuti boma lake lilimbana ndi umphawi, ndipo chaka chomwecho adasaina lamulo lopatsa mabanja osauka makuponi ogulira chakudya. Komabe thandizolo silidafike paliponse. M'mwezi wa Epulo 1967, a Robert Kennedy, amene adali phungu wa nyumba ya malamulo ya Senate, adayendera midzi ya anthu akuda ku Mississippi, ndipo adadzionera okha ana owonda ndi njala. M'chaka cha 1968, kampani ya kanema ya CBS idaonetsa filimu yotchedwa Hunger in America, imene idadzidzimutsa anthu ambiri amene ankayesa kuti njala ndi nkhani ya maiko akutali. M'nyengo imeneyi ndi m'mene banki ya ku Phoenix idabadwira.

Mzinda wa Phoenix uli m'chipululu chotentha kwabasi. Chimene chidaupatsa moyo ndi madzi a mtsinje wa Salt, makamaka damu la Roosevelt litamalizidwa m'chaka cha 1911. Ngalande zothirira zitayalidwa m'chigwa chonsecho, alimi adabzala minda ikuluikulu ya malalanje, mandimu ndi manyumwa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anthu adakhamukira mu mzindawo, ndipo minda yambiri ya zipatso idadulidwa mapuloti omangapo nyumba. Mitengo ina idatsala m'mabwalo a nyumba zatsopanozo. Chaka ndi chaka mitengoyo inkabereka koposa m'mene eni ake akadadyera, kotero kuti zipatso zinkangoyoyoka ndi kuolera pansi, pamene kutsidya lina la mzinda womwewo ana ankapita kusukulu m'mimba muli pululu.

Munthu amene zimenezi zidamukhudza mtima ndi bambo wina dzina lake John van Hengel. Bambowa sadali wolemera, ndiponso sadali wansembe kapena wa m'boma. Adabadwira ku Waupun, m'chigawo cha Wisconsin, ndipo atamaliza maphunziro a kukoleji adakagwira ntchito za malonda ku California. Zinthu zidawayendera kwa kanthawi, koma kenaka banja lawo lidatha. Adabwerera kwawo ali chimanjamanja nakalowa ntchito pa mgodi wa miyala. Kenaka adavulala kwambiri poleretsa ndeu, mpaka thupi lawo lidafooka ziwalo. Ku Arizona adapitako kukafuna chithandizo cha madokotala. Atapezako bwino adayamba kugwira ntchito mongodzipereka pa nyumba ina ya bungwe la St. Vincent de Paul, pamene anthu osauka ankalandirapo chakudya chophikaphika mwaulere. Iwo eni ankadyera pomwepo. Motero njala ya mnzawo sankaionera patali, popeza ankakhala naye pa tebulo limodzi.

Bambo van Hengel adagula kagalimoto kakale konyamulira mkaka, nayamba kuyenda khomo ndi khomo kupempha eni nyumba kuti awalole kuthyola zipatso zimene zikadangoola. Anthu ambiri adavomera ndi manja awiri. Posakhalitsa zipatso zidachuluka koposa zimene nyumba yodyera ija ikadatha kugwiritsa ntchito, ndipo iwo adayamba kugawirako mabungwe ena achifundo. Apa mpamene adagundana ndi vuto: munthu mmodzi ndi kagalimoto kamodzi sakadatha kuthyola, kunyamula ndi kuperekera zipatso mzinda wonse. Akuluakulu adanena kale kuti mutu umodzi susenza denga. Padafunika malo amodzi osonkhanitsirapo chakudyacho, kuti ochifuna azidzatenga okha.

Nzeru imene idatsegula njira idachokera kwa mayi wina wosauka, amene mbiri sidasunge dzina lake. Mayiyu adali ndi ana 10, ndipo mwamuna wake adali m'ndende. Atafunsidwa m'mene ankadyetsera ana onsewo, adayankha kuti ankapita kuseri kwa sitolo ina yaikulu kukatola chakudya m'migolo ya zinyalala. Adanenetsa kuti chakudyacho chidali chabwinobwino, ndipo ana ake adali athanzi. Monga m'mene Bambo van Hengel ankafotokozera pambuyo pake, mayi yemweyo ndiye adapereka ganizo lakuti pakhale malo onga banki, pamene okhala ndi chakudya chotsala azikaikiza, ndipo osowa azikatapa. Dzina lakuti banki ya chakudya lidachokera pamenepo.

Bambo van Hengel adapita kukadzionera okha kuseri kwa masitolo, ndipo adapeza kuti mayi uja sadaname. Kodi n'chifukwa chiyani sitolo inkataya chakudya chabwino? Chitini chikangophwanyika pang'ono m'mbali, wogula amachilambalala. Thumba la mpunga kapena la shuga likabooka, silikhalanso la malonda. Buledi wogona sagulika m'mawa mwake. Masamba akayamba kufota amachotsedwa kuti pabwere atsopano. Ku fakitale nako, makina akamata pepala lolakwika pa zitini, mulu wonsewo sungatumizidwe ku msika, ngakhale kuti za m'kati mwake zilibe chilema. Kwa mwini sitolo, kutaya kudali kosavuta kuposa kuyendayenda kufunafuna wosauka womupatsa. Choncho pakati pa chakudya chotayidwa ndi mimba yanjala padalibe mlatho, ndipo ntchito imene Bambo van Hengel adadzipatsa idali yomanga mlathowo.

Thandizo loyamba lidachokera ku parishi ya Chikatolika ya St. Mary's, imene ili pakati pa mzinda wa Phoenix, ndipo inkayang'aniridwa ndi ansembe a chipani cha Fransisko Woyera. Parishiyo idapereka ndalama zokwana madola 3,000 pamodzi ndi nyumba ina yakale yophikiramo buledi imene inkangokhala. Pothokoza, bankiyo idatchedwa dzina la parishiyo. Ogwira ntchito adali anthu owerengeka chabe, onse odzipereka. Eni magolosale a mu mzindawo atapemphedwa adavomera kuti chakudya chosagulika azichiika pambali m'malo mochiponya kudzala. M'chaka choyamba chokha, bankiyo idagawa chakudya cholemera makilogalamu oposa 110,000 ku mabungwe achifundo 36. Tikati tiwerengere m'matumba a makilogalamu 50 amene tidawazolowera, amenewo ndi matumba oposa 2,200, ndipo pafupifupi chonsecho chidali chakudya chimene chikadatayidwa.

Pano tiyenera kumvetsa bwino kagwiridwe ka ntchito ka banki yotere, chifukwa mpamene pagona luso lake. Banki ya chakudya, monga idayambira ku Phoenix, ntchito yake yaikulu si kuphika kapena kugawira munthu mmodzimmodzi ayi. Iyo ili ngati nkhokwe ya mudzi wonse. Mbali imodzi imalandira katundu wochuluka kuchokera ku masitolo, mafakitale ndi minda. Katunduyo amayesedwa pa sikelo, amasankhidwa, ndipo woonongeka amatayidwa. Wofunika kuzizira amaikidwa m'zipinda zozizira. Mbali inayo kumabwera timabungwe ting'onoting'ono ta m'madera: mipingo, nyumba zosamalira okalamba, malo ogona anthu opanda pokhala, ndi masukulu a mkaka. Amenewa ndiwo amadziwa khomo limene moto sudayake dzulo. Kampingo kakang'ono sikangathe kulandira lole yodzaza ndi mbatata, popeza kalibe poiika. Nayo fakitale ilibe nthawi yoyendera timipingo 100 kugawa makatoni awiriawiri. Banki imaima pakati pa awiriwa, ndipo aliyense amachita mbali imene angathe.

Chinanso choti tizindikire ndi chakuti nkhokwe imeneyi idamangidwa ndi manja a anthu wamba a mu mzinda womwewo. Wina adapereka malalanje a pakhomo pake, wina nyumba, wina galimoto, wina maola awiri a tsiku Loweruka osankha zitini. Padalibe mmodzi mwa iwo amene akadathetsa njala ya mu Phoenix payekha, koma paja pang'onopang'ono ndi mtolo. Odziperekawo ankadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Makolo athu adati kupatsa n'kuika. Anthu a ku Phoenix sankaudziwa mwambi umenewu, koma zimene adachitazo ndi tanthauzo lake lenileni.

Mbiri ya bankiyo idawanda, ndipo anthu a m'mizinda ina adayamba kubwera kudzaphunzira. M'chaka cha 1976, boma la Amereka lidapereka ndalama zothandizira kufalitsa nzeruyi m'dziko lonse. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo idasintha lamulo la msonkho, kotero kuti kampani yopereka katundu wake kwa osauka inkachotseredwa msonkho wochulukirapo. Kuchokera pamenepo, kupatsa kudayamba kupindulitsa makampani kuposa kutaya. Pofika 1977 mabanki a chakudya adali atakhazikitsidwa m'mizinda 18, ndipo m'chaka cha 1979 adalumikizana pansi pa bungwe limodzi lotchedwa Second Harvest, kutanthauza kukolola kachiwiri. Dzinali likukumbutsa mwambo wa kukunkha wopezeka m'Baibulo, m'buku la Levitiko mutu 19 ndi m'nkhani ya Rute, pamene mwini munda ankalamulidwa kusiyako zina kuti amphawi ndi alendo adzatole. Likulu la bungwelo lidasamukira ku Chicago m'chaka cha 1984, ndipo mu 2008 lidasintha dzina kukhala Feeding America.

Zaka zoyambirira za m'ma 1980 zidasintha nkhope ya ntchitoyi. Chuma cha Amereka chidalowa pansi, mafakitale ambiri adatsekedwa, ndipo kumapeto kwa 1982 anthu oposa 10 mwa 100 alionse ofuna ntchito adali pa ulova. Nthawi yomweyo boma la Pulezidenti Ronald Reagan lidachepetsa ndalama za makuponi a chakudya. Chodabwitsa n'chakuti boma lomwelo lidali litaunjika tchizi chochuluka zedi m'nyumba zake zosungiramo katundu, chimene lidagula pofuna kuteteza mitengo ya alimi a ng'ombe za mkaka. Anthu atadandaula, m'mwezi wa Disembala 1981 boma lidalamula kuti tchizicho chigawidwe kwa osauka, ndipo mu 1983 lidakhazikitsa ndondomeko yogawa chakudya chotere kudzera m'mabungwe achifundo. Ndondomekoyo poyamba inkatchedwa yongoyembekezera, koma mawu amenewo adadzachotsedwa pa dzina lake m'chaka cha 1990. Chimene chidayamba ngati thandizo la pangozi chidasanduka chinthu cha masiku onse.

Thandizo la anthu wamba nalo lidapeza njira zatsopano. Kuyambira 1993, anthu ogawa makalata a positi ofesi m'dziko lonselo adakhazikitsa mwambo wakuti Loweruka lachiwiri la mwezi wa Meyi, mabanja aziika zitini ndi mapaketi a chakudya pafupi ndi bokosi la makalata, ndipo wogawa makalatayo azinyamula kupita nazo ku banki ya m'dera lomwelo. M'chaka cha 1996, Pulezidenti Bill Clinton adasaina lamulo lotchedwa dzina la phungu Bill Emerson, loteteza munthu kapena kampani yopereka chakudya ndi mtima wabwino kuti isazengedwe mlandu ngati wina wadwala nacho, pokhapokha ngati padali kusasamala kwakukulu. Lamuloli lidachotsa mantha amene ankamanga manja eni masitolo ambiri.

Nzeru ya ku Phoenix idaolokanso malire a dzikolo. Ku Canada banki yoyamba idatsegulidwa mu mzinda wa Edmonton m'chaka cha 1981. Ku France, sisitere wina dzina lake Cécile Bigot adalemba m'nyuzipepala kudandaula kuti chakudya chikutayidwa pamene anthu akugona ndi njala, ndipo zotsatira zake banki yoyamba ya ku Ulaya idakhazikitsidwa pafupi ndi Paris mu 1984. Ku Mangalande, bungwe la Trussell Trust lidayamba kugawa chakudya mu mzinda wa Salisbury m'chaka cha 2000, katundu akusungidwa m'kashedi ndi m'galaja ya pakhomo pa amene adaliyambitsa. Kumeneko kachitidwe kake n'kosiyana pang'ono, chifukwa banki imapereka phukusi la chakudya cha masiku atatu kwa banja lenilenilo, limene latumizidwa ndi dokotala, mphunzitsi kapena wa zachisamaliro cha anthu. Ku South Africa, bungwe la FoodBank South Africa lidakhazikitsidwa mu 2009, ndipo pambuyo pake lidatchedwa FoodForward SA.

Tsono, omvera okondedwa, tafika pa funso lovuta lija. Banki ya St. Mary's, imene idayambira m'kanyumba kophikiramo buledi, m'zaka zoyambirira za m'ma 2020 inkagawa makilogalamu oposa 40 miliyoni pa chaka. Bungwe la Feeding America lidakula mpaka kulumikiza mabanki pafupifupi 200 ndi malo ogawirapo chakudya pafupifupi 60,000. Kodi tinene kuti kukula kumeneku ndi chipambano? Ngati tikuyeza ndi kuchuluka kwa chakudya chopulumutsidwa kudzala, inde ndi chipambano chachikulu. Koma chipatala chikamakula chaka ndi chaka, sitinena kuti mudzi wachira. Unduna wa zamalimidwe wa ku Amereka udapeza kuti m'chaka cha 2023, anthu oposa 47 miliyoni ankakhala m'mabanja amene nthawi zina ankasowa chakudya chokwanira. Mliri wa Covid-19 utavuta, tsiku lina m'mwezi wa Epulo 2020 magalimoto pafupifupi 10,000 adandanda pa mzere kudikira chakudya mu mzinda wa San Antonio, ku Texas. Ku Mangalande, mabanki a Trussell Trust, amene m'chaka cha 2008 mpaka 2009 adathandiza anthu pafupifupi 26,000, m'chaka cha 2023 mpaka 2024 adagawa maphukusi oposa 3 miliyoni.

Anthu ena ophunzira akhala akuchenjeza za zimenezi. Mayi Janet Poppendieck, m'buku lawo lotchedwa Sweet Charity? la m'chaka cha 1998, adafotokoza kuti mabanki a chakudya, ngakhale ali ndi cholinga chabwino, angathe kugonetsa tulo mtundu wa anthu. Munthu akapereka chitini cha nyemba mtima wake umakhala pansi, ndipo amaleka kufunsa chifukwa chimene mnzake wogwira ntchito sabata yonse akulepherera kudyetsa ana ake. Nalo boma likaona kuti mipingo ndi anthu akufuna kwabwino akutseka dzenje, limachita ulesi kukonza malipiro, mitengo ya nyumba ndi thandizo la osauka. Palinso nkhani ya ulemu wa munthu. Wolandira sasankha chimene adye, amangotenga chimene chatsala kwa ena, ndipo kuima pa mzere anthu akuona ndi chinthu chochititsa manyazi kwa kholo lililonse.

Ogwira ntchito m'mabankiwo sakana mfundo zimenezi, koma ali ndi yankho lawo. Iwo amati mwana amene wagona ndi njala lero sangadikire kuti nyumba ya malamulo ikhale pansi chaka chamawa. Nyumba ikamapsa timayamba tathira madzi, za amene adasiya moto timafunsana pambuyo. Komabe chidzudzulo chija chidabala zipatso. Mabanki ambiri adayamba kusamala za ubwino wa chakudya, osati kulemera kwake kokha, naonjezera masamba ndi zipatso m'malo mwa zotsekemera. Malo ena ogawira adakonzedwa ngati sitolo, kuti mayi azisankha yekha zimene banja lake limadya. Ena adatsegula maphunziro a zophikaphika kuti anthu apeze ntchito, ndipo ena amathandiza mabanja kulembetsa thandizo la boma limene ali oyenera kulandira. Mabungwe akuluakulu monga Feeding America ndi Trussell adayambanso kulankhula poyera kwa opanga malamulo, kuwakumbutsa kuti chifundo cha anthu sichingalowe m'malo mwa udindo wa boma.

Bambo John van Hengel adachoka m'bungwe la Second Harvest m'chaka cha 1983, ndipo zaka zotsatira adazithera pa kulangiza anthu a m'maiko ena ofuna kuyambitsa mabanki awo. Sadadzikundikire chuma. Ankavala zovala za kaunjika ndi kukhala moyo wosalira zambiri, mpaka pamene adamwalira ku Phoenix pa 5 Okutobala 2005. Amene ankawadziwa amati bambowa ankavomereza kuti umphawi sudzatheratu pa dziko, koma sankaona chifukwa chakuti wosaukayo azigonanso ndi njala.

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa zinthu ziwiri zimene tiyenera kuzigwira pamodzi. Choyamba n'chakuti kawirikawiri njala simabwera chifukwa chakudya kulibe, koma chifukwa palibe njira yochifikitsira kwa wochisowa, ndipo njira imeneyo anthu wamba angathe kuilambula okha ndi zimene ali nazo kale: mtengo wa malalanje, nyumba yongokhala, galimoto yakale. Chachiwiri n'chakuti kukunkha sikulowa m'malo mwa kulima. Banki ya chakudya imadyetsa munthu lero, koma chomuchotsa pa mzere ndi ntchito, malipiro okwanira ndi malamulo achilungamo. Zaka zoposa 50 zapita chitsegulire zitseko za St. Mary's, ndipo m'mawa uliwonse odzipereka amafikabe kudzasankha zitini, nawo anjala amafikabe kudzalandira. Tsiku limene anthu a ku Phoenix adzapeze nkhokwe yawo ili yodzaza koma pakhomo palibe woima, ndilo tsiku limene ntchito ya mayi wa ana 10 uja ndi Bambo van Hengel idzakhale itatha.